Ulaliki Wanga Wopanda Mulungu kwa Apongozi ku Simonga

Anzanga, mukandiona ndili phee anthu akamatsutsana za Mulungu, musaganize kuti ndilibe mawu. Ndinapsa kale ine, ndipo ndinapsera kwa apongozi!

M'zaka za m'ma 1990 ndinkaperekera zakudya pa loji ina ya mumsewu wa Nakatindi. Mzungu wina anaiwala buku lothothoka chikuto, ine n'kulitola, n'kulikutira ndi pulasitiki yakuda. Ndinangowerenga masamba makumi awiri basi, koma mutu kukula kwake! Bukulo linkati kumwamba kulibe wotiyang'ana, munthu anangoponyedwa padziko ali yekhayekha, ndi mfulu, ndipo chabwino ndi choipa azisankha yekha n'kusenza yekha zotsatira zake. Ine, mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Malota, ndinayamba kuyenda monyang'wa ngati ndatulukira mankhwala a imfa. Kutchalitchi ndinasiya mwakachetechete.

Ndiye linafika tsiku lokaonekera kwa makolo a Mutinta, chibwenzi changa, kumudzi kwawo ku Simonga. Mtsikanayu ndinkamukonda ndi mtima wonse, ndipo anali atandichenjeza kuti bambo ake, Ba Hamoonga, akangoti ayi, nkhani yathera pomwepo. Ndinapita ndi amalume anga ngati ankhoswe. Buku lija ndinalitenga kuti ndiziwerenga m'minibasi, komanso, ndisaname, kuti anthu aone kuti mkamwini ndi wophunzira. Nanga kulisiya m'chikwama kukanandipha?

Tinakhala pansi pa mtengo, abale atadzaza bwalo, ine buku pamwendo. Pakhomo pamenepo nkhani siyamba popanda Mawu a Mulungu, ndipo ulemu wowerenga amapatsa mlendo. Azakhali a Mutinta ataona buku langa lakuda lija anaomba m'manja.

"Onani, abwela na Baibulo! Ba pongozi, tibelengeleniko ka vesi."

Amalume ananditsina m'nthiti. "Imilila iwe, osatichititsa manyazi."

Apa munthu wanzeru akanangoti pepani, ili si Baibulo. Koma ine? Ndinaimirira! Ndinatsegula chapakati n'kuyamba kumasulira m'Chinyanja, ndikuthira "atero Yehova" paliponse pomwe pakuwawa. "Munthu ali yekha padziko lino, atero Yehova." Azimayi onse, "Ameni!" Ndinalimba mtima. "Palibe amene adzabwere kudzakupulumutsa, atero Yehova." Ameni uja anatuluka kwa anthu awiri okha. Thukuta lili kamukamu ndinalumpha tsamba, n'kukagwera poipitsitsa, ponena kuti moyo ulibe tanthauzo, ndipo pakamwa panga panali patamasulira kale mutu usanaletse. Ameni uja anatheratu. Ndinati tipemphere, koma pemphero nalo linandithawa, ndinangodalitsa chakudya chomwe chinali chisanaphikidwe n'komwe.

Ba Hamoonga anatambasula dzanja. "Leta nione."

Mayo ine! Palibe anandiuza kuti madalawa anagwira ukalaliki kunjanji zaka zambirimbiri, Chingerezi kwa iwo ndi madzi akumwa. Anavala magalasi, nawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, nkhope osasintha. Ine mumtima ndinali nditatsanzikana naye kale Mutinta.

"Ni chizungu chovuta ichi," anauza anthu. "Mwana wayesa."

Kenako anandikodola kuti ndikaone ng'ombe zawo. Titafika kukhola, tili awiriwiri, anandiyang'ana m'maso.

"Buku yako ikamba kuti munthu ni vamene wachita. Manje iwe wachita chani lelo?"

"Nanama, atate."

"Wanama. Iwe uti kulibe Mulungu okuona. Chabwino, koma ine nakuona." Anapukuta magalasi awo pang'onopang'ono. "Va kumwamba tizakambisana, nthawi nili nayo. Kaya aliko, kaya kulibe, mwana wanga aliko. Uzamusunga, olo uzayamba kumunamiza monga mwamene wanamizila azakhali ake?"

Ndinagwada pomwepo, m'ndowe, ndi suti yobwereka, misozi ili chuchuchu, n'kulonjeza. Palibe ulaliki unandilasapo ngati mawu amenewo.

Ba Hamoonga anandipatsa Mutinta, anzanga. Sanaulule kwa munthu aliyense, mkazi wanga ndinachita kumuuza ndekha titakwatirana, ndipo anaseka mpaka kugwa pampando. Madala aja ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa akanatha kundivula pagulu, koma anasankha kundifunditsa nsalu. Buku analisunga milungu iwiri. Pondibwezera anati, "Namaliza yonse. Muzungu uyu ali na nzelu, koma ati munthu ali yekha, alibe omuyang'ana? Uyu sanakwatilepo ku Simonga."

Funso la Mulungu ndikulimbana nalobe mumtima mwanga. Koma zolalikira buku lomwe sindinalimalize, pamaso pa apongozi, ndinalapa, sindidzayambiranso!