Thobwa lomwe linandichotsa nkhawa

Ndisekeni, ana anga, ndisekeni, poti nanenso ndikuseka. Khirisimasi yapitayi ndinachita chinthu choti mpaka lero ndikamadutsa pamjigo, atsikana amabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha n'kumagwedezeka.

Zinayamba ndi foni. Mwana wanga wotsiriza, Madalitso, uja ali ku Joni, anati akubwera, ndipo sabwera yekha. Abwera ndi Esinati, mtsikana wa ku Mlangeni amene akufuna kumukwatira, pamodzi ndi mayi ake, kuti adzaone pakhomo pamene mwana wawo adzakhale. Mayi akewo ndi mtsogoleri wa amayi kumpingo kwawo, munthu wa duku loyera, woti mowa ngakhale fungo lokha safuna. Ndinamva kuti mayiwo anakana kale mnyamata wina wofunsira Esinati chifukwa bambo a mnyamatayo ankabwera kunyumba pa wilibala ataledzera. Ndiye taganizani. Akaona chokhota pano, mwana wanga wataya mkazi.

Chimwemwe chinabwera, nkhawa n'kumachilondola pambuyo ngati galu. Ndikagwira khasu, nkhawa. Ndikaona mbale zathu zosupuka, nkhawa. Mtima unkagunda ngati mtondo wosinja anthu awiri. Ndinapita kuchipatala, anamwino n'kundimanga chansalu chija pamkono.

"Agogo, bipi yakwera. Mukuganiza chiyani?"

"Alendo, mwanangu. Kukubwera asewele."

Anaseka. "Musadikire tsiku lenilenilo. Konzeranitu zinthu pang'onopang'ono, tsikulo mudzangokhala pansi n'kumapuma."

Mawu abwino amenewo. Olakwa si iwo ayi, olakwa ndi makutu angawa, amene akamva pang'ono amaonjezera okha.

Ndinakonzeratu. Nyumba ndinazira ndi dothi lakuda, mpunga ndinakagula ku Nsipe, tambala ndinamumanga mwendo pamtengo wa pichesi kuti asapite kocheza. Ndiye ndinati, nanga thobwa lilakwanji? Nalonso ndikonzeretu. Ndinaphika phala, ndinathira chimera cha mawere, m'mawa mwake ndinawiritsa bwinobwino, Khirisimasi ikadali kutali ngati Joni yemweyo. Ndinalithira mumtsuko waukulu, ndinavundikira, ndinauika pafupi ndi mafuwa m'khitchini, pofunda. (Inu odziwa mwayamba kale kuseka. Dikirani, sindinafike.)

Patapita masiku ndinalawa, ndinamva kakuwawasa. Mphuno zinali zotseka ndi chimfine cha mvula, fungo osalimva. Ndinati vuto ndi shuga. Ndinathira shuga. Litayamba kutulutsa thovu ndi kulira kuti tsi-tsi-tsi, ndinathiranso shuga kuti likhale chete.

Abambo akunyumba, amene chikwatirirane sadziwa kuti khitchini ili mbali iti, anayamba kulowamo pafupipafupi. Akuti akufuna moto. Akutinso akufuna mpeni.

"Amake Mada," anatero tsiku lina akupukuta ndevu, "thobwa la chaka chino lili ndi ulemu."

Ine n'kunyada. Ine n'kuwaonjezera chipanda china.

Tsiku linafika. Kutangocha nkhawa inandigwiranso. Ndinati ndimwe kathobwa mtima ukhale pansi. Chipanda choyamba, mtima unakhaladi pansi. Chachiwiri, mbale zosupuka zija zinayamba kuoneka zokongola. Chachitatu, ana anga, nkhawa inanyamula katundu wake n'kupita. Thupi lopepuka, mawondo atsopano, dziko lonse likundimwetulira. Ndinati anamwino aja ndi mngelo, ndidzawapititsira dzungu.

Dzuwa litakwera, njinga zamoto zinalira kumsewu. Madalitso uyo, jekete lake lonyezimira. Esinati uyo, wamanyazi, wokongola ngati duwa la mbatatesi. Asewele awo, duku loyera mbee, chikwama pamkono.

Ulemu wake umafunika kuwalandira katundu, kuwayalira mphasa, kugwada poteropo n'kuwalonjera ndi mawu apansi. Ine ndinaimba nthungululu yoti nkhuku zonse zinathawira kudimba. Ndinatola lichero kukhala chishango, mthiko kukhala chibonga, n'kuyamba kuvina ngoma pabwalo ponyowa. Phazi pansi, di. Matope m'mwamba. Linanso, di. Matope pa siketi ya asewele.

"Amayi," Madalitso anandinong'oneza, "mwatani kodi?"

"Ndakondwa, mwanangu. Asewele, mwana uyu mukumuona wa jeketeyu, ankanyowetsa mphasa mpaka sitandade fili. Koma mtima ngwabwino, mutengeni."

Madalitso anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula imukokolole. Ine osaima. Ndinathamangira m'khitchini, ndinatunga thobwa m'kapu yagalasi ija timasungira abusa, n'kuwapatsa asewele ndi manja awiri.

Anaibweretsa pafupi ndi mphuno. Anaiika pansi pang'onopang'ono.

"Asewele, thobwali munaphika liti?"

"Kalekale. Ine ndimakonzeratu zinthu, anandiuza akuchipatala. Imwani, limachotsa nkhawa."

Zotsatira sindikuzidziwa bwino. Akuti ndinati ndikapume pang'ono pakhonde. Akuti ndinayambitsa nyimbo ya kwaya n'kuisiyira pakati.

Ndinadzuka dzuwa litapendeka, mutu ukung'ambika ngati chikuni. Pabwalo pakununkhira mpunga ndi nkhuku. Esinati, mlendo, mwana wa eni, anali atavula nsapato zake zatsopano, wapha tambala, waphika zonse, akutsuka mapoto anga. Madalitso ali pansi pa mtengo, mutu m'manja. Apo m'pamene nzeru zinabwerera, ndipo zinabwera ndi manyazi ake omwe. Ine mwana wa Mngoni, wokulira pakati pa mbiya za masese, ndafulula mowa osadziwa, n'kuupereka kwa mayi wa duku loyera.

Ndinakwawa ndi mawondo mpaka pamphasa pawo.

"Asewele, ndilibe pakamwa. Mwana wangayu musamulange chifukwa cha ine."

Anandiyang'ana. Kenaka ndinaona pakona pa mlomo pakugwedezeka.

"Munthu wodziwa mowa sapatsa mlendo ngati ine m'kapu ya abusa, uku akumwetulira. Inu simuudziwa, ndaona. Oudziwa ndi awo."

Analoza abambo akunyumba, amene anali akuzembera kuseri kwa nkhokwe ndi chipanda m'manja.

"Amenewo ndilankhula nawo tikadya. Mwana wanga akwatiwa pano, poti pakhomo pamene amavinira mlendo m'matope sangagone ndi njala. Koma thobwa la paukwati ndidzaphika ndine."

Madalitso anadzutsa mutu. Esinati anasekera m'poto. Ine misozi, chimwemwe, mutu kuwawa, zonse pamodzi.

Mtsuko uja tinakakhuthula kudzala, abambo akuyang'ana ngati pamaliro. Ukwati uliko tikakolola. Ntchito agawana kale, wina mpunga, wina nkhuni, wina mahema. Ine andipatsa yokhala pampando kutsogolo n'kumaimba nthungululu, ndipo akuti chakumwa changa adzayamba alawa asewele. Ndavomera ndi mtima wonse. Koma ndikuuzeni chapansipansi, musakanene ku Mlangeni: chibadwire sindinavinepo bwino ngati tsiku limene lija.