Kabokosi kuseri kwa printa

Amene anandilakwira ndi Mussa, wamakompyuta wa kwathu ku Lirangwe. Ndamutchula dala. Nkhaniyi imandichititsa manyazi, koma ndiinena ndithu.

Ine ndimalondera pageti la kampani ina yonyamula katundu, kufupi ndi eyapoti ya Chileka. Tsiku lina masana Mussa anatulukira atamanga tayi, m'manja muli kabokosi kakuda konga sopo.

"Achimwene, kalumikizeni aka kuseri kwa printa. Pali kabowo ka waya."

"Abwana akudziwa?"

"Andituma ndi iwowo. Akuti munthu wodalirika pano ndi inuyo."

Ndi Sitandade 6 yangayi, palibe anali atanditchulapo wodalirika. Ndinakalumikiza.

Pasanathe ola, mayi Phiri, oyang'anira makompyuta a pakampani, anatuluka muofesi akukuwa.

"Wina akupanga scan netiweki yathu! Akuyesa ma port onse, makomo olowera m'makompyuta athu, limodzilimodzi, kufuna lotseguka. Dzulo amayesa ali kunja, firewall, mpanda wathu woteteza uja, inamukaniza. Lero ali mkati mommuno."

Zambirizo sindinazimve, koma atati aimbira apolisi, ndinadziwa kuti ndi kabokosi kaja. Ndinayamba kuona ana anga akundibweretsera chakudya kundende.

Geti ndinalisiya chitsegukire. Kabaza, minibasi, mpaka ku Lirangwe kwa achemwali anga. Ndikufika ndinakumbukira kuti apolisi amatsata munthu pafoni. Ndinaiponya m'chimbudzi, ine n'kulowa m'nkhokwe. Thupi lonse kuyabwa, koma kukanda ndimaopa phokoso. Njinga yamoto ikangodutsa, ndimasiya kupuma.

M'mawa mwake achemwali anagogoda nkhokwe.

"Tulukani. Abwana anu abwera."

Ndinatuluka manja ali m'mwamba, anankafumbwe m'tsitsi. Abwana ataima apo, Mussa ali pambali pawo akumwa Fanta.

"Tsitsani manja, a Chikaonda," anatero abwana. "Mussa tinamuitana ndife kuti ayese chitetezo chathu. Mayi Phiri sitinawauze dala."

"Ndiye mlandu palibe?"

"Palibe. Firewall yakhoza mayeso. Pakampani yonse wapeza malo amodzi okha otseguka."

"Pati, bwana?"

"Inuyo."

Ntchito sanandichotse, koma pageti anandichotsa. Pano ndimasesa, ndipo printa sandilola ngakhale kuipukuta.

Munthu wovala tayi akakutchulani wodalirika, yang'anani kaye chimene wanyamula.

Mussa anati andigulira foni ina. Mpaka lero sanagule.