Mbalame ya Mano m'Dzenje la Nachisale

M'mudzi wina, umene dzina lake taliika m'thumba, munali mayi wamasiye, Nachisale, amene chimbudzi chake chinagwa ndi mvula kutatsala masiku asanu kuti akuchimuna afike kuchinkhoswe cha mwana wake. Alendo otere suwalozera kutchire, abale. Ndiye anaitana okumba.

Dzenje litafika m'chiuno, khasu linagunda mwala wathyathyathya. Pamwalapo panali patadindika mafupa a mbalame: mapiko, mchira wautali, ndi mano! Aphunzitsi a pasukulu anati mbalameyo inafa Adamu asanamere ndevu, ndipo ngakhale akatswiri sangalumbire kuti ndi ya mtundu wanji.

Apo mpamene panalakwika. Bambo Chimkwita, Wapampando Wamuyaya wa Kalabu ya Oweta Nkhuku, anaimitsa ntchito, nati amenewa ndi agogo a nkhuku zonse, mano anangoguluka m'zidzukulu chifukwa cha gaga. Chibale ndi fupa, anatero, sichiola. A Kadzamira, Mlembi Wamkulu wa Bungwe la Abakha, lomwe linali ndi abakha atatu, anati mlomo wokhawo ukuchitira umboni kuti malemu ndi akwawo. Awiriwa analizinga dzenjelo ndi chingwe, nasankha komiti yosankha komiti yofufuza.

Nachisale ankawerenga masiku. Lachinayi m'mawa anamanga chitenje m'chiuno, nakhala pansi pambali pa dzenje, n'kuyamba kubuma maliro. Adzukulu, okumba manda aja, anafika ndi makasu asanaitanidwe.

"Pepani, akuluakulu," anatero Nachisale kwa a komiti, akupukuta misozi yosaoneka. "Agogo anu agona pamtunda masiku atatu. Mwini maliro aimirire, adzukuluwa akufuna ndiwo."

Mkulu wa adzukulu anafotokoza mwambo modekha: malemu akakhala a kunkhuku, khola lonse la Wapampando lilowa mumphika, akakhala a kubakha, atatu aja atsanzike.

Bambo Chimkwita anavala magalasi, nasuzumira, nati chibadwire nkhuku ya mano sanaionepo, awa ndi abale a a Kadzamira. A Kadzamira anati bakha sakhala ndi mchira wotere, mwina afunse abuluzi. Fupa losaola lija linaola pomwepo. Kwa nthawi yoyamba komiti inamanga chimodzi: uwu ndi mwala chabe.

Pofika Loweruka chimbudzi chinali chitaima, ndipo mwala uja Nachisale anausandutsa chivundikiro cha pabowo. Akuchimuna anayamikira ukhondo. Nawo a Wapampando ndi a Mlembi Wamkulu, atakhuta thobwa la chinkhoswe, analowa mmodzimmodzi, n'kunyamula agogo ndi manja awiri, n'kunyonyomala pamaso pawo mwaulemu wonse.