Mwala wa a Esinati

Sekani ndithu, koma mukafunse aliyense amene anagulapo mbaula kwa ine ku Ndirande kuno, akakuuzani kuti mwala uja wa pakati pa mapulaneti a Mazi ndi Jupita ndinaupeza ndine, osati azungu ndi makina awo.

Tsikulo akazi anga, a Esinati, anali atamanga katundu kuti azibwerera kwawo ku Nsanje, ati zaka zonsezi palibe chimene ndinawapatsapo kupatula phokoso la hamala. Ndinawapempha kuti adikire mpaka masana. Ndinatenga paipi yamadzi, galasi la minibasi yakufa, matako a botolo ndi magalasi awo owerengera Baibulo, n'kuwotcherera zonse pamodzi, n'kukwera padenga dzuwa lili paliwombo, ndipo nditangoika diso ndinalumpha phiri la Ndirande, ndinadutsa mwezi uli m'tulo, ndinadutsa Mazi wofiira ngati dothi la ku Bangwe, mpaka ndinafika pamene miyala yosawerengeka imazungulira dzuwa mondondozana ngati maminibasi a ku Limbe. Mukumva?

Umodzi unalibe mwini. Unali ngati mbatata yolumidwa ndi mbewa, wakuda bii ngati khala, wa maenje ngati msewu wa ku Machinjiri m'dzinja, ukugubuduzika pang'onopang'ono, ndipo nditauyeza ndi tepi yanga unayambira ku Chilomoni kukathera ku Zingwangwa. Kumeneko kulibe mpweya, ndipo mutati mudumphe Lolemba mungatere Lachinayi. Kuzizira kwake kunatsika m'paipimo n'kundiumitsa nsidze, chimfine mukuchimvachi n'cha tsiku limenelo. Ndikulumbira. Poti wopeza ndiye amatcha dzina, ndinautcha Esinati pomwepo.

Ndinawaitana kuti adzalandire mphatso yawo. Anakwera makwerero akung'ung'udza, anasuzumira nthawi yaitali, kenako anatembenuza paipi ija n'kuyang'ana kutsogolo kwake.

"Bambo, awa ndi manyi a ntchentche."

Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje. Nditayang'ananso, mwala kulibe. Ndinawafotokozera modekha kuti miyala imeneyi siima, wapita kuseri kwa dzuwa, ndipo ulendo wake umatenga zaka zinayi ndi miyezi.

"Chabwino, ndidikira," anatero. "Ukapanda kubwera, ndidzakuyalutsani pamaso pa amayi onse a m'mphakati wathu wa kutchalitchi, ndiye ndizidzapita."

Anatsika n'kumasula katundu yense.

Zaka zinayi zija zakwana kawiri tsopano, ndipo maulendo onse awiri, nditangokwera padenga, kunachita mitambo yoti ngakhale a Esinati anavomereza kuti palibe chingaoneke. Akudikirabe, ndipo m'mawa uno andiwiritsira chinangwa. Mwalawo ulipo, ndi wawo, wotsutsa akwere akaone yekha. Koma ntchentche ija ndikadzakumana nayo, ndidzaiphera mbuzi.