Jamu wa Mapichesi ndi Dona

Lolemba
Mapichesi ali mbwee pabwalo, ana atopa nawo. Nzeru yabwera: jamu wa m'mabotolo! Mpamba: kugulitsa Dona, nkhumba yanga ya bere. A Phiri a kubutchala adzamutenga Loweruka. Mtima ukuwawa, koma uphunzitsi wokha sukundifikitsa kumapeto a mwezi.
Ndikulamula AI ya m'foni ngati mwana wa m'kalasi: "Ndiwe katswiri wa zamalonda. Ndifufuzire msika wa jamu ku Mayani, mwaukadaulo."

Lachiwiri
M'malo moyankha, ikundifunsa ine. Ogula ndani? Buledi amadya kangati? Mabotolo ndiwapeza kuti? Ikuvomera kuti za ku Mayani sidziwa zambiri, ndiye ndikafunse anthu ndekha. Nanga ndakulemberanji ntchito?

Lachitatu
Ndikufunsa aphunzitsi anzanga, amayi a Mvano, makolo a ana, apongozi. Onse mawu amodzi: "Tidzagula, aphunzitsi!" Ngakhale a Gama, amene kuchipatala anawaletsa zotsekemera. Ndikuiuza AI monyadira. Iyo: "Mwa anthuwa, alipo amene angakukaneni pamaso?" Mwano! Koma ndaganiza mpaka phala kupserera, sindikumupeza.

Lachinayi
AI ikuti ndiphike pang'ono, ndiyese kugulitsa ndisanagulitse nkhumba. Chabwino. Shuga wa mwezi wonse watha, chala chapsa, njuchi zadzaza m'khitchini. Dona akundisuzumira pakhola. Ine maso kumbali.

Lachisanu
Ndaweruka, ndili pamsika ndi katebulo. Olawa ndiye khamu, supuni sikupuma. Mayi busa anyamula botolo: "Ambuye akudalitseni." Apongozi anyamula awiri, ndipo apongozi suwatchulira mtengo. Mayi wina akundiyang'ana mwachisoni, akuti kwawo ku Mphunzi mapichesi amangowola. Wina akufunsa mtengo, mtima wanga phaa! Kani akufuna botolo lopanda kanthu loikamo mchere.

Loweruka
Ndafotokozera AI zonse, mwamanyazi. Lipoti lake ndi laulemu, la mitu yooneka bwino, koma nkhani ndi imodzi: oyamikira alipo, ogula palibe, nkhumba isagulitsidwe. Ndikuyembekeza kukwiya, koma ndikupezeka ndikuimba nyimbo ya Mvano potsuka mabotolo.
A Phiri afika ndi chingwe. Ndikupepesa, ndikunamizira kafukufuku wa m'foni. Akuti chikhalireni sanamvepo nkhumba yopulumutsidwa ndi foni. Kuti asabwerere manja lende, ndawapatsa botolo. Nalonso laulere.

Lamulungu
Kutchalitchi aliyense akufunsa kuti jamu wina aphikidwa liti. Ndikungomwetulira. Mawa choko m'manja monga kale, tiyi wopanda shuga mpaka malipiro. Palibe kanthu.
Jamu wotsala ndasakaniza ndi madeya. Dona wadya yense, wanyambita mpaka chodyera, osanena ngakhale "wokoma". Ndakhala pakholapo kumukanda kumsana, ana akugunda m'mimba mwake. Sabata yonseyi, wandilipira ndi yekhayu.