Chala cha Bambo a Zuze

Mpaka lero ndikaona nsomba yokulungidwa m'pepala, njala imandithera pomwepo. Lekani ndiulule.

M'nthawi ya chipani chimodzi ija ndinali mphunzitsi ku Makhanga. Boma linatulutsa ndalama zoti mbiri yakale isungidwe, ndipo ine ndinasankhidwa kusonkhanitsa mapepala akale m'midzi (ankati ndimalemba bwino, mutu nkukula). Anandipatsa makope, zolembera ndi bokosi lachitsulo.

Mkulu wina, a Zuze, anabweretsa mpukutu wa mapepala a malemu bambo awo: chiphaso chowolokera kuchokera ku Mozambiki, makalata, ndi chikalata cha munda wa thonje. Mapepalawo anapulumuka madzi osefukira kangapo ali m'chitini chopachika kudenga. Anali akuda, onunkha utsi, odyedwa ndi mphemvu m'mbali.

"Aphunzitsi, bambo anga ndi amenewa. Chithunzi chawo ndilibe," anatero.

Ine ndinaona kuti boma silingalandire uve wotere. Ndinakopera zonse m'kope mwaukhondo, zolakwika ndikukonza ngati ndikuchonga ana. Pamene bambo awo anadinda chala, ndinajambula kamzere kozungulira nkulembamo kuti "chala". Mapepala akalewo ndinapatsa mkazi wanga, amene ankagulitsa nsomba zokazinga pamsika. (Inde, ndinkadzitama kuti sinditaya kanthu.)

Patapita masabata angapo, bwana wosunga mbiri anafika kuchokera ku Zomba, a Zuze ali pambuyo atavala jekete ya kutchalitchi. Bwanayo anatsegula kope, nagwedeza mutu.

"Mwalemba bwino, aphunzitsi. Nanga enieniwo ali kuti?"

"Enieni ake ati, bwana?"

Masiku amenewo ntchito ya boma sinali yoseweretsa, koma mantha anachepa poyerekeza ndi manyazi. Ndinathamangira kumsika, ndikufunsa aliyense amene anagula nsomba kwa mayi akunyumba. Ndinabwerako ndi kachidutswa kamodzi konyowa mafuta, kopanda chilembo chowerengeka.

A Zuze sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatenga kope lija, naika chala chawo pa kamzere kanga kozungulira.

"Pyadidi, zili bwino, aphunzitsi. Ndiye bambo anga ndi awa tsopano?"

Ntchito anandilanda, ndipo zinandiyenera. Kuyambira pamenepo sinditaya pepala, ngakhale lokulungira mchere; mkazi wanga amati nyumba yasanduka ya mbewa. Koma a Zuze anamwalira akundipatsabe moni mwaulemu, ndipo ine ndinkawayankha nditayang'ana pansi.