Mubwere Lachisanu

Lolemba

Foni yochokera ku Boma m'mamawa. Netiweki kuno ku Misuku imagwira pachulu cha kuseri kwa ofesi basi, ndiye nkhani yonse ndaimva nditaima pachulupo, nyerere zikukwera m'miyendo. Akuti ndalama zasowa. Makhonsolo aphatikizidwa, mawodi aphatikizidwa, timaofesi tating'ono ngati kathu titsekedwa, ntchito zonse zipite ku Boma. Lachisanu kubwera alendo kudzaona ngati ofesi ino ili ndi phindu.

Ofesi ino ndi ine, mlembi, ndi a Silungwe, omwe ndi mesenjala, mlonda, wosesa komanso womata denga. Bwana wathu anapita ku semina kalekale, sanabwererebe.

Ndinachoka ku Dedza ndili mtsikana. Ndinakwatiwa kuno, mwamuna wanga ndinamuika m'manda kuno, ana anga amabwebweta m'tulo m'Chisukwa. Ndilowere kuti?

Nzeru yabwera masana. Alendo akapeza ofesi itadzaza anthu sangaitseke. Choncho:

kupaka laimu kutsogolo
kubwereka mabenchi kutchalitchi
kupempha a Khansala asonkhanitse anthu
aliyense wofuna thandizo sabata ino, abwere Lachisanu

A Silungwe amvetsera, akanda kumutu, avomera m'Chitumbuka kuti tiyese, ati, "Yewo mama, tiyezge." Mtima wakhalako pansi.

Lachiwiri

A Khansala ndawapeza pagolosale akumwa tiyi. Avomera ndisanamalize kulankhula. Ati ofesi ino ndi mtima wa dera, sangalole, afera pomwepo. Kenako atsitsa mawu. Wodi yawo iphatikizidwa ndi ya kutsidya kwa mtsinje, ndipo khansala wa kumeneko ndi mlamu wawo. Mpando umodzi, amuna awiri. Akufuna kudziwa ngati alendowo ndi omwe asankhe wotsala. Ndati sindikudziwa. Ati anthu abweretsa, koma nyimbo zikhale zotchula dzina lawo.

Ndabweza anthu angapo lero. Bambo wa chigayo wofuna laisensi, mtsikana wofuna kalata yokagulitsira nthochi ku msika wa ku Boma. Onse ndawauza mawu amodzi, mubwere Lachisanu. Andiyang'ana modabwa poti tebulo langa lilibe kanthu.

Masana tapaka laimu, ine m'munsi, a Silungwe m'mwamba. Khoma lawala ngati la chipatala. Titangotsuka m'manja, mvula! Laimu yense watsikira m'ngalande. Khoma labwerera mwakale, koma nkhuku za aneba tsopano zili ndi miyendo yoyera.

Lachitatu

Abwera mayi Namwaka, ochokera kuseri kwa nkhalango. Anyamuka kusanache, wapansi, matope mpaka m'mawondo. Amuna awo anamwalira nthawi yokolola khofi. Tsopano alamu awo akufuna munda wa khofiwo, akuti mkazi alibe munda. Akuluakulu a m'mudzi analemba kalata yoti mundawo ndi wa mayiwo ndi ana awo, koma alamuwo akuti pepala lopanda chidindo cha khonsolo ndi lokulungira fodya. Ayamba kale kulowa m'munda ndi makasu.

Chidindo chili m'dirowa. Kutsegula, kudinda, kusaina, basi.

Koma ndawayang'ana, ndaona matope aja, ndati mumtima, munthu woti alendo amuone ndi uyu. Akaona mayi uyu ayenda mtunda wonsewu, adzifunsa okha kuti ku Boma akafika bwanji. Ndawauza kuti abwere Lachisanu.

Afunsa m'Chichewa chawo chodukaduka, "Chidindo chalwala, mama?"

Ndati ayi, koma Lachisanu kuli akuluakulu, nkhani yawo ikamveka bwino. Ndawapatsa tiyi ndi nthochi zootcha. Amwa, ati ndagha, zikomo yakuno, abwezera kalata m'jumbo ya shuga, anyamuka mvula ikuwaza.

A Silungwe agwira tsache mpaka kuweruka. Amangosesa pamalo posesa kale.

Lachinayi

Mabenchi afika. Abusa ati tibweze Loweruka ali bwinobwino.

A Silungwe akwera padenga kumata mabowo ndi phula. Ali pamwamba pomwepo andifunsa ngati dzina lawo likapezeke ku Boma. Ndinawapeza kuno ali aganyu, mpaka lero akadali aganyu, tsitsi layera akudikira kulembedwa. Ndati ndifunsa. Ndifunsa ndani?

Chakumasana, njinga yamoto kuchokera ku Boma. Mnyamata wa ku maakaunti, jekete lamvula, mwaulemu ndithu. Watumidwa kudzatenga chidindo ndi mabuku a malisiti, akuti akuwerengera katundu wa maofesi onse asanaphatikize. Ndapempha asiye chidindo mpaka mawa madzulo. Wati iye ndi wotumidwa chabe, mafuta anam'patsa a ulendo umodzi. Ndathamangira pachulu kuimba foni. Osayankha. Ndikutsika, njinga ili kale kuseri kwa phiri.

Mayi Namwaka alibe foni. Ngakhale akanakhala nayo, ndikanawauza chiyani?

Madzulo ndamva chimkuzamawu cha a Khansala chikuyenda m'midzi. Mawu sakumveka bwino chifukwa cha mphepo. Ndangogwirapo "Lachisanu" ndi "kulemba maina". Maina a chiyani? Sindinawatume zimenezo.

Lachisanu

Anthu! Sindinaonepo chikhamu chotere pano, ngakhale pa maliro a mwamuna wanga. Mabenchi adzaza, pakhonde padzaza, ena akhala m'munda wa aneba. Kwa kanthawi ndasangalala. Kenako ndaona matumba. Aliyense wapinda thumba lopanda kanthu m'khwapa. Amva kuti lero kuli kulemba maina a feteleza wotsika mtengo.

A Khansala afika atavala suti, kwaya ya amayi pambuyo. Posakhalitsa mlamu wawo wa kutsidya wafikanso, suti, kwaya yakeyake. Makwaya awiri, nyimbo imodzi, maina osiyana. Amuna awiriwo apatsana moni ngati apongozi, aliyense akuyang'ana kumsewu.

Tadikira. Dzuwa lafika pamutu, mitambo yaunjikana, makwaya asasa mawu. Galimoto iliyonse ikamveka kumunsi, onse kuimirira. Yoyamba inali ya nthochi. Yachiwiri inali bingu.

Ndakwera pachulu. Ulendo uno a ku Boma ayankha. Alendo sabwera, galimoto ilibe mafuta. Ndati anthu adzaza, akudikira. Mawu a kufoni ati, "Mwachita bwino, mayi. Tilemba kuti anthu anafunsidwa maganizo. Lipoti linatha kale, limangosowa chiganizo chimenecho."

Potsika pachulu ndapeza makhansala onse awiri kulibe. Nkhope yanga yawauza ndisanafike. Ndaima pakhonde ndekha, ndanena kuti feteleza kulibe, alendo kulibe, ofesi ikutsekedwa. Ndatukwanidwa m'Chisukwa, m'Chindali, m'Chitumbuka, ndipo mnyamata wina wa kabaza wawonjezera Chiswahili. Wina wanena kuti anthu a kumwera ndi choncho. Zimenezo zandilasa kuposa mwala womwe waswa windo. Benchi limodzi lathyoka mwendo pa chipwirikiti. A Silungwe aima patsogolo panga ndi tsache mpaka anthu atabalalika.

Watsala munthu mmodzi pabenchi, jumbo ya shuga pamiyendo. Mayi Namwaka.

Ndakhala pafupi nawo, ndawauza zonse. Kuti chidindo chinapita dzulo. Kuti Lachitatu chinalipo. Sanakalipe. Afutukula kalata, aiyang'ana ngakhale sadziwa kuwerenga, aipindanso. Kunja kwada, sangabwerere, akagona kwa mchemwali wawo pafupi ndi tchalitchi.

Ndikanakonda akanandiponya mwala.

Loweruka

Mafuta apezeka! Lole yafika m'mawa kudzatenga katundu. Tebulo, kabati, mipando, makina osindikizira omwe anafa mwamuna wanga akadali moyo. Anyamula ndi mabenchi awiri a tchalitchi, ndachita kugwira chitseko cha lole kuti awatsitse.

A Silungwe ndi omwe anyamula zolemera zonse, poti amadziwa mwendo wa kabati womwe umagwedera. Atamaliza avula chipewa, afunsa bwana wa palole za dzina lawo. Bwanayo wati za aganyu sakuzidziwa, aganyu sawerengedwa. Ine akuti ndikafike ku Boma Lolemba, ndikamve ngati pali malo. Alembi achuluka, matebulo ndi ochepa.

Lole itapita, a Silungwe asesa ofesi yopanda kanthu, amata windo ndi katoni, akhoma chitseko, ayesa loko ngati wagwira, andipatsa kiyi. Ati akalima nyemba, nthaka siifunsa ngati munthu analembedwa. Aseka pang'ono. Ine sindinathe.

Benchi lothyoka ndalinyamula ndekha pamutu mpaka kwa abusa. Aliyang'ana, andiyang'ana, ati tikambirana.

Mwana wanga wamkulu wafunsa ngati tisamuka mayeso asanafike. Ndati adye kaye.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu andisiyira benchi lonse ndekha. A Khansala apemphera pemphero lalitali lopempherera atsogoleri, mlamu wawo wayankha ameni mokweza kuposa onse.

Nyimbo yachiwiri ili mkati, wina wakhala pambali panga. Mayi Namwaka, chitenje chobwereka. Sanandiyang'ane. Aimba nawo mpaka kumapeto.

Potuluka andigwira dzanja. Ati mchemwali wawo wamva kuti alamu ofuna munda aja azula kale mbande zina za khofi, ndiye kumudzi sabwerera opanda chidindo. Mawa apita ku Boma. Sanafikeko chibadwire. Afunsa za polowera, "Kula ku Boma, nikanjire khomo liti, mama?"

Ndatsegula pakamwa kuti ndiyankhe ngati mlembi. Koma ayi. Ndawauza zoona, kuti khomolo inenso sindikulidziwa, ndipo sindikudziwa ngati akandilole kulowa.

Agwedeza mutu ngati ndanena za nyengo. Ati ndiye tipitire limodzi, wina akamafunsa wina azisunga malo pamzere.

Ndachapa yunifolomu ya ana, ndasita bulauzi, ndauza aneba aziona nyumba. Nsapato zaofesi ndaziika m'jumbo, ndikavalira pageti. Mvula yayambanso, ndipo akuti galimoto sizikukwera phiri. Tiyamba wapansi.